Phunziro la Sabata Ino: Kuthokoza Ansembe Akadali Pakati pa Nkhosa Zao

Akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Mwambi umenewu umaoneka poyera wansembe akasamutsidwa kapena akamwalira. Pamenepo mpamene Akhristu amayamba kukumbukira maliro amene anaika, odwala amene anawadzoza usiku, ndi mabanja amene anawayanjanitsa. Mau okoma amachuluka mwini wake atapita kale. Phunziro la sabata ino likufunsa kuti: bwanji mau amenewa osanenedwa iye akadalipo?

Zimene Malembo Oyera akuphunzitsa

Pa 1 Atesalonika 5:12-13, Paulo Woyera akupempha Akhristu kuti azilemekeza ndi kukonda atsogoleri ao chifukwa cha ntchito imene amagwira. Chifukwa chake ndi ntchitoyo, ngakhale mtsogoleriyo atakhala wamng'ono msinkhu kapena wochokera kutali. Kalata ya kwa Ahebri 13:17 ikukumbutsa kuti abusa adzayankha pamaso pa Mulungu za mizimu imene anapatsidwa, choncho nkhosa zisawalemetse mpaka kutumikira modandaula. Pa Luka 17:11-19, akhate 10 anachira koma mmodzi yekha ndiye anabwerera kudzathokoza, ndipo Yesu anafunsa za enawo. Kusathokoza kumamukhudza Mulungu.

Mphatso imene inabwera movutikira

Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902. Panapita zaka 35 mwana wa dziko lino asanaime pa guwa: Bambo Cornelius Chitsulo anadzozedwa unsembe mu 1937, ndipo mu 1957 anadzozedwa kukhala episkopi wa Dedza, Mmalawi woyamba pa udindowu. Lero mnyamata woitanidwa amayamba ndi chaka cha maphunziro a uzimu kuno ku Kasina, kenaka amapita ku seminale ya Kachebere ku Mchinji ndi ya St Peter's ku Zomba. Ulendo wonsewu umaposa zaka 7, ndipo si onse amene amafika kumapeto. Wansembe aliyense amene Ambuye Peter Chifukwa amatumiza ku parishi ndi chipatso cha zaka zambiri za mapemphero ndi zopereka za anthu osauka.

Akafika ku parishi, ntchito imamuchulukira. Nthambi ndi zambiri, misewu ya m'mapiri imaterera nthawi ya dzinja, ndipo mafuta a galimoto kapena njinga yamoto sagulidwa ndi mau okoma. Popanda wansembe, anthu atha kusonkhana ndi kumva Mau a Mulungu motsogozedwa ndi katekisiti, koma Nsembe ya Misa, sakramenti la kulapa ndi kudzoza odwala zimadikira iye.

Ulemu weniweni

Kulemekeza wansembe sikutanthauza kumushashalika kapena kubisa cholakwa. Iye ndi munthu, amatopa ndipo amalakwa. Mkhristu woona vuto apite kwa iye mwaulemu, kapena adzere ku khonsolo ya parishi, ndipo nkhani ikakhala yaikulu ifike kwa Ambuye Episkopi. Miseche ya pa msika wa Linthipe kapena pa WhatsApp siikonza kanthu. Imangogawa mpingo ndi kufooketsa anyamata amene amaganiza za unsembe.

Kuthokoza m'zochita

Choyamba, banja lililonse litchule maina a ansembe a parishi m'pemphero la madzulo. Chachiwiri, mtulo ndi masika ziperekedwe mokhulupirika, pakuti lamulo la Mpingo limafuna kuti Akhristu athandize zosowa za Mpingo molingana ndi kupeza kwao. Dengu la mbatata ya kachewere, ndowa ya nyemba kapena thumba la chimanga ndi zikomo womveka. Chachitatu, Akhristu asenze nao ntchito: kufika nthawi yabwino ku Misa ya ku nthambi, kukonzekeretsa ana ku masakramenti, ndi kudziwitsa ansembe msanga za wodwala. Chachinai, ansembe okalamba ndi odwala asaiwalike. Tsiku la Yohane Maria Vianney Woyera, nkhoswe ya ansembe a m'maparishi, pa 4 Ogasiti, ndi tsiku loyenera kuwayendera.

Mafunso okambirana ku mphakati

1. Ndi liti pamene mphakati unathokozako wansembe popanda mwambo wotsanzikana?
2. Pakakhala dandaulo pa wansembe, limadzera njira iti?
3. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene mphakati uchite mwezi uno usanathe, ndipo achitsogolere ndani?