Kasungidwe ka khofi kuti fungo lake lisathe

Ena a ife tikawoloka malire pa Mwami timabwerako ndi paketi ya khofi wa ku Mzuzu. Ena timachita kuitanitsa wa ku Kasama kapena wa ku Munali, kufupi ndi Mazabuka. Zimandiwawa kuona khofi wabwino chotere akusukuluka m'khitchini mwathu momwe chifukwa cha kasungidwe.

Gulani wanjere, osati wopera kale, ndipo gulani wochepa, woti muthe kumwa pasanathe mwezi umodzi chikazingireni. Njere ikakhala yathunthu, mafuta amene amanunkhira aja amakhala otsekeredwa mkati. Mukangoisinja, mpweya umalowa paliponse ndipo fungo limayamba kuuluka nthawi yomweyo. Choncho sinjani wongokwana kumwa m'mawa umenewo. Ngati mulibe kachigayo, kamtondo kamagwira ntchito, bola kakhale ka khofi yekha. Kamene munasinjiramo tsabola dzulo, ayi.

Mukatsegula paketi, finyani mpweya wonse utuluke, pindani kukamwa kwake, mumange ndi labala, kenako muilowetse m'chitini kapena m'botolo lotseka kwambiri. Kabowo kamene kali pa mapaketi ena musakamate: kamatulutsa mpweya wochokera m'njere zokazinga koma sikalola wakunja kulowa. Botolo lagalasi lisakhale pawindo. Liikeni m'kabati ya mdima, kutali ndi mbaula ndi sitovu, makamaka mu Okutobala pamene malata amachita kuotcha. Kapenta, sopo, anyezi ndi palafini zikhale kwina, chifukwa khofi amayamwa fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho.

Ambiri amathamangira kufuriji, poganiza kuti kuzizira kumasunga zonse. Musatero. Nthawi iliyonse mukatulutsa botolo lozizira n'kulitsegula, timadontho ta madzi timamatira panjere, ndipo m'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, chinyezi chimakhala chochuluka kale. Ngati mwapatsidwa khofi wambiri, mugaweni m'timatumba tating'ono tomanga bwino, muike mufiriza. Kathumba mukakatulutsa, kasiyeni kotseka mpaka kuzizira kuthe, ndipo musakabwezerenso. Koma kumene magetsi amazimazima, njere zimasungunuka n'kuumanso mobwerezabwereza. Kuli bwino kugawirako anansi kusiyana n'kuwononga kilo yonse.

Supuni yotapira ikhale youma. Njere zikayamba kununkha chuku kapena kuonetsa nkhungu, tayani zonse, musayese kuziyanika padzuwa.