Phunziro la lero: kodi anthu angadzilamulire okha popanda boma?

Lero ndikufuna tione mawu oti anarchism. Ambirife tikawamva timaganiza za chipwirikiti basi, kuotcha matayala pamsewu. Ayi ndithu. Mawuwa anachokera ku Chigiriki ndipo akutanthauza kusakhala ndi wolamula. Pierre-Joseph Proudhon wa ku France anadzitchula yekha anarchist mu 1840. Peter Kropotkin wa ku Russia anatulutsa buku lotchedwa Mutual Aid mu 1902, momwe ananena kuti anthu ngakhale nyama zimapulumuka chifukwa chothandizana. Mfundo yawo inali yoti anthu akamamvana okha, boma ndi apolisi safunika.

Funsoli si la azungu okha. Kalekale ku Basra, wophunzira wina wa gulu la Mu'tazila, al-Asamm, ankati anthu atati asiye kuponderezana, mtsogoleri sangafunike. Ma ulama ambiri anamutsutsa, ndipo ine ndikuwamvetsa, chifukwa kusiya kuponderezanako ndiye pali ntchito.

Tiyese mfundoyi ndi nyanja yathu. Chambo chitachepa kwambiri ku Malombe, mu 1993 nthambi ya boma yoona za nsomba inayambitsa ma Beach Village Committee kumeneko ndi kumtunda kwa Shire, kuti asodzi eni ake azisunga malamulo a nyengo yotseka nyanja komanso kukula kwa maso a ukonde. Papepala zinali bwino zedi. Koma makomitiwo anabadwira ku ofesi, ena ankalimbirana mphamvu ndi mafumu, ndipo mlovi amene ana ake agona ndi njala simungamuuze zodikira miyezi. Mpaka lero chambo cha ku Malombe sichinabwerere mwakale.

Tsono taonani chilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950, anthu akumeneko amatseka usodzi nyengo ya mvula, ndipo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo. Lamuloli silinachokere ku boma, koma asodzi amalimvera ndipo utaka umapezeka.

Apa wokonda anarchism angawombe m'manja, eti? Asafulumire. Lamulo la pa Mbenji linayamba ndi mfumu Msosa, ndipo wolakwa amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa pachilumba. Kwa ine, chomwe chikusiyanitsa Mbenji ndi Malombe n'choti pa Mbenji msodzi amadziwa mwini lamulo, ndipo akaliphwanya aliyense padooko amamudziwa dzina.