Tinyama ta m'khosi ndi chotupa cha pakhutu

Wofunsa: Adokotala, m'khosi muno mwandimera tinyama tolendewera ngati nkhupakupa. Tikakodwa mu mkanda timatuluka magazi. Anzanga akuti ndimange ndi ulusi, tiuma tokha.

Mlangizi: Tabwerani kuno kowala ndione, mayi. Eya, iti timamera pomwe khungu limakhulana: m'khosi, m'khwapa, pansi pa mabere. Si khansa ayi. Ulusiwo nthawi zina umathothola ndithu, koma choipa chake n'chakuti mumamanga musanadziwe chomwe mukumanga. Kuno timabaya kajakisoni kochititsa dzanzi, n'kudula ndi sizasi yophitsidwa bwino, kenaka n'kuotcha pang'ono ndi kachitsulo ka magetsi kuti magazi aleke. Mphindi zochepa, mwatuluka.

Wofunsa: Ndinamvanso kuti pali kuumitsa ndi chinthu chozizira.

Mlangizi: Ameneyo ndi nitrogen wamadzi, wozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro. Amathandiza kwambiri pa njerewere, zomwe zimabwera ndi kachilombo ka HPV, ngakhale kwa ana zambiri zimatha zokha pasanathe zaka ziwiri. Koma pakhungu lathu lakudali ine ndimasamala naye. Kuzizirako kumapha maselo opanga mtundu wa khungu, ndiye kanyama kamachoka koma pamatsala banga loyera, mwina miyezi, mwina mpaka kalekale. Pankhope kapena m'khosi ndimasankha sizasi.

Wofunsa: Ndiye mwana wanga wamkazi mungomudulanso. Chibooleni makutu, kwatuluka chotupa cholimba kuseri kwa khutu, chimayabwa, ndipo chikukulirabe.

Mlangizi: Apo ndiye ayi, mayi, tisathamangire mpeni. Chimenecho ndi keloid: chipsera chomwe sichinamve kuti bala lapola, chikungopitiriza kumanga mnofu mpaka kudutsa malire a balalo. Chimakonda anthu akhungu lakuda, chimayenda m'banja, ndipo malo ake ndi makutu, chifuwa ndi mapewa. Kudula n'kupanga bala latsopano, ndipo bala latsopano pa munthu wotero nthawi zambiri limabala chotupa china, kawirikawiri chachikulu kuposa choyambacho. Zimandiwawa kuona atsikana atadulidwa ndi lezala kunyumba, kapena atatemedwa mphini pomwepo.

Wofunsa: Ndiye azingokhala nacho?

Mlangizi: Ayi. Timabaya mankhwala a triamcinolone m'kati mwa chotupacho, pakatha masabata 4 mpaka 6 n'kubwerezanso. Jakisoni wake ndi wowawa, sindikubisirani, chifukwa mnofuwo ndi wolimba. Koma kuyabwa kumayamba kuleka, chotupa n'kufewa, n'kumaphwa pang'onopang'ono. Chikakhala chachikulu timadula, koma majakisoni amatsatirabe, komanso ndolo zopana zomwe azivala miyezi ingapo. Ndipo asadzaboolenso pena.

Wofunsa: Nanga munthu angadziwe bwanji kuti chake si chamasewera?

Mlangizi: Chikamakula msanga, kusintha mtundu, kutuluka magazi chosakhudzidwa, kapena kusanduka chilonda chosapola. Banga lakuda kuphazi, kopondera, musalinyozere. Mabanga akuda mofiirira m'miyendo kapena m'kamwa akhoza kukhala khansa ya Kaposi, ndipo munthu wachialubino asachedwe ndi kachilonda kalikonse ka pankhope kapena pakhutu. Zoterezi timadulako kachidutswa n'kutumiza ku labotale tisanachite china chilichonse.

Wofunsa: Mwanayo ndipite naye kuti?

Mlangizi: Muyambire pano, timulembere kalata yopita ku kiliniki ya khungu ku Queens kapena ku Kamuzu Central. Mubwere naye Lachiwiri ndi buku lake la kuchipatala. Tinyama tanuto tichotse lero lomwe, vulani mkandawo.