Yankho kwa Womvera wa ku Kasungu

Zikomo, bambo athu a ku Kasungu, amene mwatilembera modandaula kuti mu kanema uja wa The Boy Who Harnessed the Wind, amene Chiwetel Ejiofor anatulutsa mu 2019, Chichewa chathu chikumveka chopotoka, chinkana akatswiri a kunja anamutamanda koposa. Indetu khutu lanu silinalakwe, pakuti Maxwell Simba, amene anasewera ngati William Kamkwamba, ndi mwana wa ku Kenya. Komatu ine pamene ndinaona mu kanemayo khamu likukanganirana chimanga m'njala ya 2002, ndiponso madzi akuyenderera m'munda wouma wa ku Wimbe, ndinavomereza kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kamuonereninso mofatsa, bambo, ndipo mudzatilemberenso.