Janus wa Nkhope Ziŵiri ndi "Alefa ndi Omega"

1, 2. Kodi Janus anali yani, ndipo Aroma anamlemekeza motani?

MWEZI woyamba pakalendala yathu uli ndi dzina la mulungu amene palibe akummangira guwa lansembe lerolino. Iye ndiye Janus, mulungu wa Aroma wa makomo ndi zipata. Osema mafano anampatsa nkhope ziŵiri, ina yopenya kutsogolo, ina kumbuyo, pakuti khomo lililonse lili ndi mbali ziŵiri. Wolemba ndakatulo Ovid anamlongosola atagwira ndodo kudzanja lamanja ndi mfungulo kulamanzere.

2 Poyamba chaka cha Aroma chinali kuyamba mu March, koma kuyambira mu 153 B.C.E. akuluakulu aŵiri otsogolera boma anayamba kuloŵa ntchito pa January 1. Patsikulo anthu anali kupatsana nkhuyu zouma, zipatso za kanjedza, ndi uchi, kuti chaka chonsecho chikhale chozuna. Popereka nsembe, dzina la Janus linali kutchulidwa choyamba, ngakhale Jupiter asanatchulidwe.

3. Kodi zitseko za kachisi wa Janus zimavumbulanji ponena za mphamvu yake?

3 Pabwalo lalikulu la mzinda wa Roma panali kachisi wamng'ono wa Janus wokhala ndi zitseko kumbali ziŵiri. Panthaŵi ya nkhondo zitsekozo zinali kukhala zotsegula, ndipo zinali kutsekedwa kokha pamene dziko lonse la Aroma linali pamtendere. Kodi zimenezo zinachitika kangati? Malinga ndi wolemba mbiri Livy, pakati pa Mfumu Numa ndi Augustus, nyengo ya zaka zoposa 600, zinatsekedwa kamodzi kokha, nkhondo yoyamba ndi Carthage itatha. Augustus anazitsekanso mu 29 B.C.E. Koma onani kuti otseka zitsekozo anali anthu, pambuyo poti magulu ankhondo agamula kale nkhaniyo. Mulungu wa mfunguloyo anali kungouzidwa.

4. Kodi Augustine anaona vuto lotani?

4 Ndiponso, Janus anali kuyang'anira makamaka chiyambi cha zinthu. Malire anali a mulungu wina, Terminus, amene anali kulambiridwa pamiyala ya m'malire a minda pa February 23, chakumapeto kwa chaka chakalecho. M'zaka za zana lachisanu C.E., Augustine wa ku Hippo anaseka kugaŵana ntchito kumeneku m'buku lake lakuti Mzinda wa Mulungu. Anafunsa chifukwa chake chiyambi ndi mapeto a dziko limodzimodzilo anafunikira milungu iŵiri. Funsolo nloyenerera. Mlimi wofesa mbewu amene alibe ulamuliro panyengo yokolola sangalonjeze munthu aliyense chakudya.

5, 6. (a) Kodi dzina lakuti "Alefa ndi Omega" limatanthauzanji? (b) Nchifukwa ninji linali lofunika kwa oyamba kuliŵerenga?

5 Baibulo limagwiritsira ntchito chizindikiro chosiyana kotheratu. Alefa ndicho chilembo choyamba pazilembo 24 za Chigiriki, ndipo Omega ndicho chomalizira. Dzina laulemu lopangidwa ndi zilembo ziŵirizi limapezeka katatu, pa Chivumbulutso 1:8, 21:6, ndi 22:13, ndipo pamalo oyambawo wolankhulayo akudzitchanso Wamphamvuyonse. Lingalirolo silinayambe ndi Yohane. Zaka mazana ambiri pasadakhale, ulosi wa Yesaya unali utanena kuti Mulungu wa Israyeli ndiye woyamba ndi womaliza, ndi kuti amalengeza chimaliziro cha nkhani pamene ikungoyamba kumene. (Yesaya 44:6, 46:10) Janus anali kuona mbali zonse ziŵiri ataima pakhomo. Koma panopo tikuuzidwa za woyambitsa chinthu amene adzachimalizanso iye mwini.

6 Kwa oyamba kuŵerenga mawuwo, imeneyi sinali nkhani ya zilembo chabe. Yohane anali pachisumbu cha Patmos kaamba ka ulaliki wake, chakumapeto kwa zaka za zana loyamba C.E. Ku Pergamo, Antipa anali ataphedwa kale, ndipo a mumpingo wa Smurna anachenjezedwa kuti ena a iwo adzaponyedwa m'ndende. (Chivumbulutso 2:10, 13) Anthu oterowo anafunikira kudziŵa ngati Kaisara ndiye anali ndi mawu omalizira pamoyo wawo. Nkosangalatsa kuti buku limodzimodzilo limatchulanso mfungulo ndi khomo. Mpingo wochepa mphamvu wa ku Filadelfeya unauzidwa kuti Kristu ali ndi mfungulo ya Davide, ndi kuti khomo limene iye watsegula palibe angalitseke, kaya akhale kazembe kapena mfumu.—Chivumbulutso 3:7, 8.

7. Kodi chizindikirocho chinagwiritsiridwa ntchito motani pambuyo pake?

7 Podzafika zaka za zana lachinayi, zilembo ziŵirizo zinali kuzokotedwa pamanda, ndipo posapita nthaŵi olamulira nawonso anazitenga. Ndalama zamkuwa za Roma wakale zinali ndi nkhope ziŵiri za Janus. Tsopano Magnentius, mkulu wa asilikali amene analanda ufumu wa kumadzulo mu 350 C.E., anasindikiza Alefa ndi Omega pandalama zake, uku ndi uku kwa zilembo zoyamba za dzina la Kristu. Iye anagonjetsedwa ndi Constantius II, ndipo mu 353 anadzipha mumzinda umene tsopano ukutchedwa Lyon, atalamulira zaka zitatu zokha.