Kodi ma enzyme amadziwa bwanji pokhala m'selo?

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndimaganiza kuti ma enzyme amangoyandama m'madzi a m'selo. Nanga zimatheka bwanji kuti azipezeka pomwe akufunika pa nthawi yake?
Wophunzira wa Fomu 4, Zomba

YANKHO: Mwanawe, sayandama mwachisawawa ayi. Selo imawasuntha potsatira mauthenga amene ikulandira. Taganizira chiwindi chako. Ukakhala ndi njala, enzyme yotchedwa glucokinase imagwidwa ndi puloteni ina, GKRP, n'kutsekeredwa mu nyukiliyasi. Ukangodya nsima, shuga amachuluka m'magazi, GKRP imaitaya, ndipo glucokinase imatuluka kukagwira shugayo kuti asungidwe ngati glycogen. Insulin nayonso imalamula kuti glucokinase ina ipangidwe.

Koma chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi ichi. Mu 2008, gulu la Stephen Benkovic ku Penn State, ku America, linaona ma enzyme 6 opanga ma purine, omwe ndi zomangira za DNA, akuunjikana pamodzi selo ikasowa ma purine, kenaka n'kubalalika akapezeka. Muluwo anautcha purinosome. Mu 2016 anapezanso kuti puloteni yotumiza mauthenga ya mTOR imathandiza muluwu kukhala pafupi ndi mitochondria, zomwe zimaupatsa zina mwa zipangizo zake.