Libxml2: Kuidzutsa ndi Kuigoneka Bwino

Ngati mukulemba pulogalamu m'chinenero cha C ndipo ikufunika kuwerenga mafayilo a XML, mosakayika mukumana ndi libxml2. Iyi ndi laibulale yaulere imene Daniel Veillard anayambitsa pothandiza ntchito ya GNOME, ndipo PHP, lxml ya Python ndi Nokogiri ya Ruby zonse zimatsamira pa iyo.

Laibulaleyi imasunga zinthu zina pamalo amodzi kuti pulogalamu yonse izitapa. Zinthuzi ziyenera kuyalidwa kamodzi, ntchito isanayambe. Choncho kumayambiriro kwa main, musanatsegule thread ina iliyonse, itanani xmlInitParser. Mukapanda kutero, ma thread awiri akhoza kulimbirana kuyala malo omwewo nthawi imodzi. Pulogalamu imayenda bwino lero, mawa n'kungofa, ndipo vuto lotere limakana kuonekera mukamalisaka. Libxml2 yatsopano imadzidzutsa yokha, koma simudziwa kuti pa kompyuta ya kasitomala pali yakale bwanji, ndiye itanani basi.

Pamalo pomwepo mungalembe LIBXML_TEST_VERSION. Kamzereka kamafananiza laibulale imene munamangira pulogalamu ndi imene yapezeka pa makinawo, kamachenjeza zikapanda kugwirizana, komanso kamaitana xmlInitParser.

Pamene ambiri amapsa ndi pa xmlCleanupParser. Dzinalo limanyenga. Munthu amaganiza kuti ndi tsache losesera fayilo imene wangowerenga, n'kumaliitana akamaliza fayilo iliyonse. Ayi ndithu. Limachotsa zonse zija zimene pulogalamu yonse imadalira. Zili ngati munthu amene wagayitsa chimanga chake, n'kuzimitsa injini ya chigayo anzake akadali pamzere ndi matumba awo. Mukamaliza fayilo imodzi, yobweza memory ndi xmlFreeDoc. Za xmlCleanupParser zisungireni kumapeto kwenikweni, kamodzi kokha, pulogalamu ikutseka ndipo ma thread onse ataima. Ngakhale osaitana n'komwe palibe choopsa, poti pulogalamu ikatseka kompyuta imatenga memory yake yokha. Phindu lalikulu la xmlCleanupParser limaoneka poyesa pulogalamu ndi chida chotchedwa valgrind, kuti muone ngati memory ikudontha pena pake.

Inu amene mukulemba plugin kapena laibulale yolowa m'mapulogalamu a anthu ena, xmlCleanupParser musaigwire. Chigayocho si chanu, ndipo mwina mbali ina ya pulogalamuyo ikuwerenga XML panthawi yomweyo.